Mtsikana Amene Anazondotsa Nyanja

Tsiku limene anamuchotsa sukulu sanamukalipire n'komwe. Akanamukalipira bwenzi zili bwinoko. A Pulofesa anangoika pepala patebulo n'kulikankhira kwa iye ndi chala chimodzi.

"Werenga wekha."

Mtsikanayo anawerenga. Pepalalo linachokera ku labotale yoyeza zaka za matope a pansi pa nyanja, ndipo linkanena zosatheka. Matope a pamwamba anali ndi zaka zikwi zisanu ndi zitatu, a pansi zaka mazana awiri okha. Mdzukulu anali wamkulu kuposa agogo ake.

Kuti mumvetse kukula kwa mlanduwu, ndikuuzeni kaye mmene ofufuza amafunsira nyanja yamchere mbiri yake. Pansi pa nyanja pamagwa zinthu tsiku ndi tsiku: dothi lobwera ndi mitsinje, phulusa la mapiri ophulika, tizigoba ta tizilombo takufa. Zonsezi zimasanjikizana, chaka china pamwamba pa chinzake. Sitima imapita pakati pa nyanja n'kutsitsa chipaipi cholemera pa chingwe chachitsulo. Chipaipicho chimalasa matope n'kubwera nawo monga mmene anagonera. Pamwamba ndi dzulo, pansi ndi makedzana.

Popeza chipaipicho n'chachitali, amachidula zidutswazidutswa, ndipo pa chidutswa chilichonse amajambula muvi woloza kumwamba. Muvi umenewo musaupepusepo ayi. Ukasowa, mwatsala ndi matope wamba, onga a m'ngalande ya kuseri kwa nyumba yanu.

Ntchito yojambula mivi pa ulendo umenewo anaipereka kwa mtsikanayu chifukwa m'kalasi mwawo ndiye ankatsogola. Anali mwana wa telala, woyamba kubanja kwawo kuponda pa yunivesite, ndipo amayi ake anali atalengeza kale kwa makasitomala onse, ofuna kumva ndi osafuna omwe.

Tsiku lachisanu ndi chinayi nyanja inakwiya. Mtsikanayo anali atasanza mpaka m'mimba munatsala dzina lokha. Amalinyero anadula chipaipi n'kumusiyira zidutswa khumi ndi ziwiri kuti ajambule, iwo n'kuthamangira kutsogolo kukamanga katundu. Iye anati apume kaye pang'ono. Ali chipumire, funde linamenya sitima cham'mbali, zidutswa zonse zinagubuduzika, china uku china uko.

Palibe anaona. Akanatha kufuula, ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Koma anaganiza za nkhope ya a Pulofesa, za anzake, za makasitomala a amayi ake aja. Anatola zidutswazo, n'kuzindandalika, n'kujambula mivi khumi ndi iwiri mongoganizira, ndi dzanja lolimba ngati la munthu wodziwa chimene akuchita.

Miyezi isanu ndi iwiri inadutsa, kenako pepala lija linabwera.

"Kugwetsa mapaipi si mlandu," anatero a Pulofesa, mayi amene sankakweza mawu chifukwa sankafunika kutero. "Nanenso ndinagwetsapo. Koma iwe unakhala chete, ife tikukhetsa thukuta kuyeza bodza. Tsopano sindingakhulupirire muvi uliwonse umene unajambula. Ulendo wonse uja walowa m'madzi. Siya khadi lako la sukulu pakhomo."

Asanafike pageti, nkhani inali kale m'kamwam'kamwa. Anzake anamupatsa dzina loti Chozondoka. Wina anapachika jasi lake loyera la mu labotale miyendo m'mwamba, kolala pansi, kuti aliyense wodutsa aseke. Dzinalo linamukakamira moti dzina lake lenileni anthu analiiwala, ndipo nanenso ndimutchula choncho.

Kwawo kunali kuseri kwa shopu ya amayi ake: chipinda chosokera kutsogolo, chogona kumbuyo, pakati pake katani. Chozondoka anagona milungu itatu atayang'ana kukhoma, akumva makina osokera akulira. Makasitomala ankafunsa kuti, "Nanga dokotala wathu wa nsomba uja ali kuti?" Amayi ankayankha mapini ali kukamwa, "Akupuma."

M'mawa wina amayiwo anakoka katani ija, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Dzuka. Undifotokozere bwinobwino, ngati ukufotokozera munthu wosapita kusukulu, poti ndi mmene ndilili."

Anafotokoza zonse: chipaipi, funde, mivi. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa funso limodzi.

"Ndiye kuti munadula musanalembe?"

"Eya, amayi."

"Mwana wa telala! Wokulira pansi pa tebulo lodulira nsalu!" Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi kachigamba.

"Amayi, mukuseka moyo wanga watha?"

"Watha kuti? Ukupumatu iwe. Ine ndinasokapo diresi la ukwati maluwa onse ataloza pansi ngati ofota. Mkwatibwi analira, apongozi ake anati manja anga ndi a khasu. Ndinalira masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinaliphwasula ndekha, ulusi umodziumodzi. Kuyambira pamenepo sindigwira sizasi ndisanagwire choko."

Anatola kansalu pansi n'kumuponyera pamiyendo. "Tseka maso. Kunja kwake ndi kuti?"

Chozondoka anakasisita ndi zala n'kuloza.

"Wadziwa bwanji, palibe choko?"

"Zimamveka m'zala, amayi."

"Ndiye kuti nsalu imanena yokha. Nanga matope akowo ndi osalankhula?"

Funso limenelo linamulowa ngati singano, ndipo silinatuluke.

Patatha mwezi anabwerera komwe anamuchotsa kuja, koma analowera khomo la kuseri. Kumeneko kunali nyumba yosungira matope, ndipo ankafuna munthu wosesa ndi kutsuka masefa. Palibe ankaifuna ntchitoyo, chifukwa m'nyumbamo munkazizira komanso munkanunkha dzira lovunda. M'mashelefu munali mapaipi mazanamazana, ong'ambidwa pakati m'litali mwake kuti matope azioneka.

Woyang'anira nyumbayo anali mkulu wina wamfupi, wa zala zisanu ndi zinayi, yemwe ankamveka asanaoneke chifukwa cha mulu wa makiyi m'chiuno. Anthu ankangowatchula a Mafungulo.

"Ndiwe uja unazondotsa nyanja?" anamufunsa tsiku loyamba.

Chozondoka anayang'ana pansi.

"Ife zaka makumi asanu takhala tikungoiopa, iwe ulendo umodzi waiimika chadodolido. Tenga tsache, munthu wamphamvu."

A Mafungulo anali mmalinyero pa unyamata wawo, woyendetsa makina okokera chingwe, ndipo chala chawo chachikhumi chinatsala m'makina momwemo. Pa nthawi ya tiyi ankakonda kusimba za akale. Ankati makina oponya phokoso pansi pa nyanja n'kumvera likamabwerera ndi a dzulodzuloli. Akale ankatsitsa chingwe chokhala ndi mtovu kumapeto, kunsi kwa mtovuwo atamatako mafuta olimba a ng'ombe. Mtovu ukagunda pansi, mafutawo ankabwera ndi mchenga, kapena matope, kapena tizigoba. Pamalo akuya, kutsitsa ndi kukoka kunkadya maola ambirimbiri, ndipo nthawi zina chingwe chinkaduka chitatsala pang'ono kufika. Mawa lake ankayambiranso.

"Ndipotu ophunzira a nthawi imeneyo ankalumbira kuti pansi penipeni palibe chamoyo, mdima ndi kuzizira basi," anatero akupemerera tiyi. "Mpaka zingwe zinayamba kubwera ndi tizilombo titakakamira. Mabuku akuluakulu anachita manyazi. Ntchito imeneyi, mwanawe, anaimanga ndi anthu olakwitsa amene ankabweranso mawa lake. Iwe si woyamba, usadzitame."

Tsiku lina akutsuka masefa, Chozondoka anatunga madzi akuda a m'beseni m'botolo, n'kulikhutchumula, n'kuliika pawindo. Mchenga unayamba kukhala pansi, matope osalala anabwera pambuyo n'kugona pamwamba pake. Zimenezi anaziwerengapo m'buku, anazikhozanso pa mayeso, koma zinali zisanafike m'zala. Anathamangira ku shelefu, n'kutsitsa paipi imodzi, n'kuyendetsa chala pang'onopang'ono. Zinali momwemo: pokhakhala kaye, kenako posalala. Anayang'ana muvi. Unkaloza kosalala kuja.

Anakhala pansi pa simenti yozizira n'kulira, osati chifukwa cha chisoni. Matope aja ankalankhula nthawi yonseyi, iye ndiye sankamva.

Kuyambira pamenepo anayamba masewera ndi a Mafungulo. Akamaliza kusesa, mkuluyo ankaphimba muvi ndi pepala, n'kutembenuza paipi kangapo iye atafulatira, kenako n'kumuitana. "Kumwamba ndi kuti?"

Musaganize kuti anangodzuka ali katswiri. Chaka choyamba ankaphonya kwambiri moti a Mafungulo ankati wolosera wabodza amamuposa. Si matope onse ali ndi mchenga. Ena amangokhala otuwa kuyambira uku mpaka uko, osanena kanthu. Koma akaphonya ankalemba m'kope chimene chamupusitsa, ndipo mawa lake ankabweranso.

Anaphunzira kuti phulusa la phiri limagwa kamodzin'kamodzi, choncho kunsi kwake kumakhala kowongoka ngati podula ndi sizasi, pomwe kumwamba kwake kumakhala kosokonezeka chifukwa tizilombo timalipondaponda. Anaphunzira kuti nyongolotsi ya m'nyanja ikakumba una, matope odzaza unawo amachokera pamwamba. Zina anazipeza m'mabuku akale amene ankatsekera zitseko kuti mphepo isamenyetse, zina anazipeza ndi zala zake. M'zaka zinayi anadzaza makope khumi ndi limodzi.

M'zaka zomwezo anzake aja anamaliza sukulu. Anawaonera pawindo atavala mikanjo, akujambulitsa ndi makolo awo pa kapinga amene iye ankadutsa ndi ndowa. Wina anabwerera ngati wofufuza, ndipo ankamuponyera masefa m'beseni n'kunena kuti, "Chozondoka, awa utsuke chowongoka." Zinkamuwawa, tisanamizane. Masiku ena ankafika kunyumba n'kunena kuti mawa sapita. Amayi sankamunyengerera. Ankangosita yunifolomu yake n'kuipachika pa msomali wa pakhomo.

Chaka chachinayi chili mkati, pa chitseko cha nyumba yosungira matope panamatidwa chidziwitso. Mapaipi makumi asanu ndi limodzi a m'mashelefu a kumapeto atayidwe Lachisanu, papezeke malo a firiji yatsopano.

Amenewa anali mapaipi a ulendo woyamba umene sitima ya yunivesiteyo inayenda, zaka makumi asanu zapitazo. Nthawi imeneyo mivi ankajambula pa timapepala tomata, ndipo mphemvu zinakonda guluu wake. Zimene mphemvu zinasiya, denga lodontha linamaliza. Panalibenso muvi, panalibe nambala. Pa maso pa akuluakulu, anali matope a m'ngalande.

Chozondoka anapeza a Mafungulo atakhala pa bokosi, makiyi ali phee. Tiyi wawo anali atazizira.

"Amenewa ndinawakoka ndine," anatero osamuyang'ana. "Chala changa chinapita pa paipi ya makumi anayi ndi imodzi. Tinawatenga doko lalikulu lisanakumbidwe, zombo zokoka maukonde pansi zisanapale malo onse aja. Pansi pamenepo palibenso, mwanawe. Ngakhale utapita ndi sitima khumi sungakapapeze. Patsala muno basi."

Chozondoka anatola tsache. Anatsiriza kusesa, anasamba m'manja, n'kukwera masitepe amene sanawaponde kwa zaka zinayi. Pa chitseko cha a Pulofesa anaima nthawi yaitali, kenako anagogoda.

"A Pulofesa, mapaipi aja musataye. Ndingathe kupeza kumwamba kwake."

A Pulofesa anatsitsa magalasi. Imvi zinali zitachuluka, koma maso anali omwe aja.

"Iwe?"

"Ine ndemwe."

"Ukudziwa kuti mwa anthu onse m'nyumba ino, iwe ndiye womaliza amene ndingamufunse za muvi?"

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndaphunzira."

A Pulofesa anayankha kuti, "Lachinayi m'mawa ndibweretsa mapaipi atatu amene ine ndikudziwa yankho lake. Ukakhoza onse, akale aja akhala. Ukaphonya imodzi yokha, apita, ndipo iwenso upita, chifukwa sindisunga munthu wongoganizira kawiri. Ukufunabe?"

Tsache lija silinali ntchito yonyaditsa, koma ndi khomo lokhalo la ku nyanja limene linamutsalira. 

"Ndikufuna."

Lachinayi nyumba yosungira matope inadzaza kuposa tsiku lina lililonse. Anthu amene ankati fungo la m'menemo limawadwalitsa mutu anabwera onse, chifukwa zoonera zaulere sizinunkha. Patebulo lalitali panali mapaipi atatu, mivi yake itaphimbidwa ndi mapepala.

Yoyamba inali ndi mchenga pakati. Anayendetsa chala kamodzi n'kuloza. A Mafungulo anachotsa pepala: muvi unavomereza.

Yachiwiri inali ndi mzere woonda wa phulusa. Anawerama, n'kuyang'ana mbali zake zonse ziwiri, n'kuloza. Muvi unavomerezanso. Oseka aja anayamba kukanda m'mutu.

Yachitatu inali ya matope otuwa okhaokha, opanda mchenga, opanda phulusa. Anaiyang'ana kuchokera uku mpaka uko, osapeza kanthu. Thukuta linayamba kutsika m'msana ngakhale munkazizira. Anapempha madzi, n'kuwaza pang'ono pamwamba pa matopewo, n'kupala mopepuka ndi kampeni. Mphindi makumi awiri zinatha. Wina anayasamula mokweza dala.

Kenako anauona: una wa nyongolotsi, woonda ngati ulusi, wodzaza ndi matope oyererapo pang'ono kuposa ozungulira. Anautsatira ndi nsonga ya kampeni mpaka pamene unakumana ndi kamzere ka matope oyerera omwewo. Kumeneko ndiko nyongolotsiyo inalowera.

"Kumwamba ndi uku."

A Mafungulo anachotsa pepala, ndipo dzanja lawo linaima m'malere. Muvi unkaloza mbali inayo.

Chikhakhali chinaphulika. "Chozondoka ndi Chozondoka basi!" anafuula wa masefa uja. A Mafungulo anayang'ana kumbali ngati munthu wa pamaliro.

Koma Chozondoka sankamva kuseka. Maso ake anali pa muviwo. Unali ndi kamchira kopindika kumapeto, mmene amayi ake amajambulira ndi choko pa nsalu. M'nyumba yonseyo munali munthu mmodzi yekha wojambula muvi chotero. Imeneyi inali imodzi mwa zidutswa khumi ndi ziwiri zija.

A Pulofesa anakweza dzanja, anthu anati zii.

"Muvi ukuti uku, iwe ukuti uko. Ndikupatsa mpata. Ukagwirizana ndi muvi, tinena kuti maso anatopa. Mapaipi akale apita, koma tsache lako likhala. Ukakakamira n'kupezeka kuti walakwa, ukudziwa kale."

Apa ndi pamene nyanja inamubwezera pa tsiku lija la funde. Njira yofewa inalipo, yongokhala chete n'kupulumuka. Anayang'ananso una uja, n'kuyang'ana a Mafungulo ndi zala zawo zisanu ndi zinayi. 

"Sindisintha, a Pulofesa. Muviwo ndi wabodza. Ndinajambula ndine, ndili ndi mantha, ndisakudziwa chimene ndikuchita. Matopewa akunena zoona. Kumwamba ndi uku."

A Pulofesa anapisa m'thumba la jasi n'kutulutsa pepala lopindapinda, lachikasu ndi ukalamba. Analiika patebulo n'kulikankhira kwa iye ndi chala chimodzi.

"Werenga wekha. Mokweza."

Linali pepala lomwe lija la zaka zinayi zapitazo, ndipo paipi inali yomwe ija. Mbali imene muvi unkaloza, zaka zikwi zisanu ndi zitatu. Mbali imene Chozondoka analoza, zaka mazana awiri. Anawerenga mpaka pakati, n'kuika pepalalo pansi.

Choyamba kumveka m'chipindamo anali makiyi. A Mafungulo anawamasula m'chiuno n'kuyamba kuwagwedeza m'mwamba ngati chisekese, misozi ikutsika m'makwinya. Ena anaomba m'manja. Wa masefa uja anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi ntchito kwina.

Firiji yatsopano anaipezera malo ena. Chozondoka anapatsidwa tebulo, nyale yowala bwino, ndi buku la ulendo woyamba uja, mmene akale analemba ndi dzanja kutalika kwa paipi iliyonse, mtundu wa matope ake, ndi malo amene anaitenga. Miyezi isanu ndi iwiri anakhala akuyerekeza paipi ndi buku, a Mafungulo ali pambali kukumbutsa kuti iyi inapindika kumapeto chifukwa inagunda mwala, iyo inabwera theka chifukwa chingwe chinakodwa. Mwa zidutswa zake khumi ndi ziwiri zija, anapeza kuti zisanu ndizo anazizondotsa, ndipo anazikonza ndi dzanja lake lomwe.

Atamaliza anakwera masitepe ndi lipoti lake. A Pulofesa analiwerenga mwakachetechete. Mapaipi makumi asanu ndi mphambu imodzi anali ndi muvi watsopano ndi malo ake. Pa asanu ndi anayi otsalawo panalibe muvi.

"Nanga awa?"

"Amenewo sindikudziwa, a Pulofesa. Ndayesetsa, koma matope ake sakunena mokwanira. Sindijambulapo kanthu."

A Pulofesa anavula magalasi n'kuwaika patebulo. Kwa nthawi yoyamba, Chozondoka anawaona akumwetulira.

"Mawu amenewo ndawadikira zaka zinayi. Makumi asanu ndi imodziwa ndawakhulupirira chifukwa cha asanu ndi anayiwa." Anatsegula kabati n'kutulutsa khadi lakale, chithunzi chake chitafufutika. "Unasiya ichi pakhomo. Kalasi imayamba Lolemba. Sitima inyamuka mvula ikatha, ndipo ndikufuna munthu wa mivi."

Anatsika masitepe aja osawaona bwino. Kunyumba anangoika khadilo pa makina osokera. Amayi analitola, n'kuliyang'ana uku ndi uku, n'kulavulira mapini m'dzanja kuti alire bwino. Atamaliza anatsegula kabokosi kawo n'kumupatsa choko chatsopano, chosayamba.

"Ichi upite nacho. Ophunzira inu mumaiwala msanga."

Lero Chozondoka ndiye amatsogolera maulendo a sitima imeneyo. Mapaipi akale aja anaonetsa mmene pansi pa nyanja panalili anthu asanapasokoneze, ndipo ofufuza akuwagwiritsabe ntchito. A Mafungulo anapuma pa ntchito, koma amabwerabe kudzamwa tiyi ndi kudzaona paipi yawo ya makumi anayi ndi imodzi, imene amaitcha manda a chala chawo. Amayi ake amauza makasitomala kuti sayansi ya m'nyanja inayambira m'shopu mwawo, ndipo palibe amene amalimba mtima kuwatsutsa, poti amakhala atagwira sizasi.

Masiku awiri oyamba a ulendo uliwonse amasanzabe ngati kale. Pa chipewa chake cholimba cha pa ntchito analembapo yekha dzina lija, Chozondoka, ndipo ophunzira atsopano akafunsa tanthauzo lake amawakhazika pansi n'kuwasimbira zonse, osabisa kanthu. Pa sitima yake pali malamulo awiri amene sakambirana: muvi ujambulidwe chipaipi chisanadulidwe, ndipo amene wagwetsa afuule nthawi yomweyo.

Tsono inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina nanunso muli ndi muvi wanu umene munajambula muli ndi mantha. Mwina anthu anakupatsani dzina, ndipo mukadutsa amakodolana. Mwina mwagona milungu itatu, kapena zaka zitatu, mutayang'ana kukhoma. Ndikumva, zimawawa. Koma kulakwa kumene kunakugwetsani kukhoza kukhala phunziro limene palibe wina angalidziwe kuposa inu, mukalolera kubwerera pamalo pomwepo, ngakhale polowera khomo la kuseri mutanyamula tsache.

Vomerani muvi wanu wabodza ndi pakamwa panu. Pamene simukudziwa, nenani kuti simukudziwa. Ndipo mawa m'mawa dzukani, valani, mubwererenso. Mtima wanuwo musautaye, ukadali ndi ntchito.